Phazi la Zala Zinayi

Kwa Chimphwanya, kuseri kwa mapiri a Mphunzi, mlendo akafunsa za a Dominiko Sankhulani amamulozera kudimba, osati kunyumba. Ndi bambo wamtali, wowerama pang'ono, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, amene amalima kachewere ndi anyezi kumunsi kwa kasupe wa Kamtsitsi. Alendo sawakonda. Si nkhanza ayi, koma alendo a masiku ano amabwera ndi makamera ndi mawu otamanda, ndipo mawu otamanda amawachititsa nseru a Dominiko monga achitira mafuta a nkhumba ogona.

Adabadwira kufupi ndi Kasina, ndipo kulemba adaphunzirira komweko, kwa mphunzitsi amene ankamenya zala ndi rula chilembo chikapendama. Sukulu adalekeza Folomu 2 bambo awo atamwalira. Chimene adatuluka nacho ndi dzanja: zilembo zoongoka ngati mizere ya munthu wolima ndi chingwe. Dzanja lomwelo lidawapezera ukalaliki pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu, kumene adakhala zaka khumi ndi ziwiri akulemba mabelo. Atatopa adabwerera kumudzi, nakwatira a Magadalena, nakhala mkamwini kwa Chimphwanya. Munda ngwa akazi awo, dimba nla akazi awo, ngakhale mtengo wa mapichesi wa pakhomo udabzalidwa ndi apongozi. Chawochawo chidali cholembera. Makalata opita ku Joni, madandaulo, mayina a ana okabatizidwa, zonse zinkadutsa pakhonde pawo, ndipo Lamulungu masana ankaphunzitsa ana katekisimu.

Nkhani imene imawakokera alendo ndi ya chaka cha 2016. Munthu wina wowotcha njerwa wa ku Lilongwe adagula mitengo ya kumtunda kwa kasupe, ya katope, ya masuku ndi ya mombo. Macheka a injini adalira milungu itatu. Pofika Okutobala, Kamtsitsi adali kungodontha ngati mphuno ya mwana wa chimfine, amayi n'kumatukwanirana ndowa imodzi ya madzi. A Dominiko adalemba makalata khumi ndi anayi kumaofesi osiyanasiyana, osayankhidwa ngakhale imodzi. Pamapeto pake adasonkhanitsa amayi ndi ndowa zawo zouma, nakakhala pakati pa njira ya lole. Loleyo idafika dzuwa lili paliwombo, yodzaza ndi mitengo. Anyamata a pa loleyo adatsika nayamba kukoka amayi miyendo, ndowa akuziponyera kutchire. Apo ndi pamene m'manda a m'mbali mwa njirayo mudatuluka zilombo zitatu za gule, zopakapaka matope, zikwapu zili m'manja. Galasi la lole lidasweka. Dalaivala adakagona kuchipatala masiku anayi. Apolisi atabwera kudzafunsa kuti adachita zimenezi ndani, mudzi wonse, a kutchalitchi ndi a kudambwe omwe, udayankha chimodzimodzi: zilombo zidachokera kumanda ndipo zidabwerera kumanda. Mlanduwo sudatsekedwe mpaka lero, koma lole sidabwerenso.

Pali kanthu kamodzi kamene a Dominiko adakaona tsiku limenelo. Fumbi litakhazikika, adapita kukatola ndowa ya akazi awo m'ngalande, ndipo m'matope a pamenepo mudali phazi lamanzere la zala zinayi. M'mudzi monsemo munthu wa zala zinayi ndi mmodzi: a Timoteyo, mlongo wa a Magadalena, amene khasu lidawadula kachala kakang'ono ali mwana. A Timoteyo omwewo ndiwo wapampando wa mphakati, ndiwo amanyamula mtanda pa Lachisanu Loyera. Mkhristu akadziwika kuti amaponda kudambwe amaimitsidwa masakramenti. Kudambwe nako, dzina likamveka kunja ndi mlandu wina. Ndiye padalinso apolisi. A Dominiko adapondapo ndi nsapato yawo, nasisita mpaka phazilo lidafafanizika. Kuchokera pamenepo iwo ndi alamu awowo akhala pa benchi imodzi m'tchalitchi Lamulungu lililonse, osatchulirana nkhaniyo ngakhale ndi diso.

Kupambana kudabwera ndi ntchentche zake. Mabungwe adamva, nayamba kufika ndi magalimoto oyera. Gibson Katsache, amene tsiku la lole adali ku Chimbiya kogulitsa kaunjika, adadzuka ali mlembi wa komiti yoteteza Kamtsitsi. Adapezetsa chikwangwani ndi matisheti obiriwira, naphunzitsa amayi nyimbo yotchula dzina la a Dominiko kasanu ndi kawiri. Mlendo aliyense amalandiridwa ndi nyimboyo, n'kupatsidwa kambande ka mtengo kuti abzale akujambulidwa. Mbande zina zabzalidwa pa dzenje lomwelomwelo katatu, poti yoyamba idauma mlendo asanafike n'komwe pamsewu wa tala. A Dominiko akangomva nyimboyo ikuyamba amatola khasu n'kutsetserekera kudimba. Gibsonyo a Dominiko adamuphunzitsa okha katekisimu, ndipo ngakhale nthawi imeneyo mwanayo ankayankha mokweza pokhapokha abambo mfumu akabwera.

Anjelina Mwale adafika mu Juni wa 2023, pa njinga yamoto ya kabaza, nkhungu itaphimba mapiri. Adali wa chaka chomaliza ku yunivesite, ndipo kafukufuku wake adali wa anthu wamba amene amadzuka okha kumenyera chilengedwe. Agogo ake adali a ku Dedza komweku, koma iye adakulira ku Area 25 ku Lilongwe, kumudzi ankangofikako pa maliro n'kubwerera tsiku lomwelo. Tsiku loyamba lonse adakhala ndi Gibson. Adaimbiridwa nyimbo, nabzala mbande. M'mawa wa tsiku lachiwiri adatsikira kudimba, nsapato zake zoyera zikumira m'matope, foni ili kudzanja limodzi, kope kudzanja linalo.

A Dominiko adamuona ali patali, koma kothawira kudalibe. Adamuyalira thumba la feteleza pa mzere. Ulemu adali nawo mwanayo: adagwada popereka moni, adafunsa za kunyumba. Kenako adawawerengera pepala lachilolezo, loti zonse zimene anene zidzasungidwa bwino ndipo dzina lawo likhoza kubisidwa. Iwo adasaina, iye n'kuyamikira zilembo zawo, iwo n'kuyang'ana kumbali. Mafunso adali olembedwa kale, manambala mpaka makumi awiri ndi asanu. Adawafunsa chimene chidawalimbikitsa, iwo adati madzi adaphwa. Adawafunsa kuti amadziona ngati mtsogoleri wa mtundu wanji, iwo adati sadziona, kalilole wa kunyumba ngwa akazi awo. Adawafunsa uthenga wawo kwa achinyamata a dziko lino, iwo adati aziphimba kachewere wa mbewu chisanu chikayamba. Anjelina adaseka, koma zonse adalemba.

Pa madimba oyandikana padali amayi anayi akuthirira anyezi, a Magadalena ali pomwepo. Makutu awo adali kuno ngakhale misana idali yowerama. Atafika pa funso la khumi ndi chisanu ndi chinayi, Anjelina adatembenuza tsamba la kope, nakweza mawu kuti foni igwire bwino.

"Tsopano bambo, anthu atatu amene adavala zigoba aja, a Gibson adandipatsa mayina awo dzulo. Ndimangofuna munditsimikizire. Woyamba akuti ndi a Timo..."

Ndowa yachitsulo imene idali pafupi ndi phazi la a Dominiko idagubuduka ndi chiphokoso, madzi n'kukhavukira pa nsapato zoyera zija. Mayi wina adalavula malovu pansi. Mmodzimmodzi amayiwo adasenza ndowa zawo n'kukwera mtunda, osatsanzika. A Magadalena adali omaliza, ndipo sadacheuke.

"Mayi," adatero a Dominiko motsitsa mawu, "kuno kulibe anthu ovala zigoba. Kuli zilombo. Zimitsani chinthucho, tikakambire kunyumba."

A Dominiko adakwera mtunda, Anjelina ali pambuyo pawo. Mwanayo sadawaipire kwenikweni, ngakhale zidawanyansa kuti munthu wa magazi a Chichewa, wowerenga mabuku zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, angafunse funso lotero pamaso pa amayi ngati akufunsa mtengo wa tomato. Amene adawanyansa zedi ndi Gibson. Iwo za kudambwe sadziwa, sadapondeko, ndipo adaphunzitsa ana zaka zambiri kuti asapondeko. Koma Gibson ngwometa, adalumbira zimene amalumbira kumeneko, ndipo lero wazikhuthulira m'foni ya mlendo wa tsiku limodzi. Atafika pakhonde adamufunsa Anjelina kuti Gibson adapempha chiyani posinthana ndi mayinawo. Iye adayankha mosabisa kuti sadapemphe kanthu, adangoti m'bukumo alembedwe kuti ndiye adayambitsa gululo.

A Dominiko adamufotokozera zonse zitatu, za tchalitchi, za dambwe ndi za apolisi, osatsimikiza dzina lililonse. Anjelina adamvetsera, nati nkhawa imeneyo njosavuta: mayina adzawasintha, wina adzakhala Wofunsidwa Woyamba, wina Wachiwiri, adzangotchula zaka ndi udindo basi. Iwo adamufunsa kuti m'mudzi wa nyumba makumi anayi apampando a mphakati angakhalemo angati. Adamufunsanso kuti mawu a m'fonimo akathera kuti. Iye adati akawapereka kwa aphunzitsi ake, akasungidwa m'kompyuta ya kusukulu. Iwo adati adakhalapo kalaliki, akudziwa mmene zosungidwa zimayendera: pepala lilibe miyendo, koma limafika kumene mwini wake sadafikeko.

Apa mwanayo adaumitsa khosi, ndipo a Dominiko adaona kuti si mwano. Adati adawaimbira kale aphunzitsi ake dzulo, ndipo aphunzitsiwo adamuuza kuti mtima wa kafukufuku wake wagona pomwepo, poti Akhristu ndi a gule adagwirizana mpaka munthu mmodzi kukhala mbali zonse ziwiri. Adati bambo ake adagulitsa puloti kuti iye afike chaka chimenechi.

"Popanda zimenezi, bambo, ndatsala ndi nkhani ya mitengo basi. Ya mitengo adalemba kale anthu ambirimbiri."

A Dominiko adalowa m'nyumba, kuchipinda chosungira mbewu, natuluka ndi jekete lakuda lachikopa, lodzaza fumbi ndi timizu ta kachewere. Adaliponya pansi pakati pa iwo awiri, namuuza kuti ayatse foni yake.

Adamufunsa ngati Gibson adamuuza amene adalemba kalata yogulitsira mitengo ija. Sadamuuze. Alendo onse amene adafika kuno palibe adafunsapo. Ndiye adamuuza okha. Mwini njerwa uja adafika chaka cha 2015 ndi akuluakulu a mabanja atatu, eni malowo, akufuna munthu wa dzanja labwino. Adakhala pakhonde pomwepa. A Dominiko adalemba pangano lonse, naliwerengera akuluakuluwo poti awiri mwa iwo sankadziwa kuwerenga. Mkulu wina adawafunsa ngati kalatayo ilibe msampha, iwo adati ilibe, ili bwinobwino. Sadakwere n'komwe phiri kukaona kuti mitengo yake ndi iti. Maganizo awo adali pa zilembo, chifukwa munthu uja adali atangonena kuti dzanja lotere ngakhale m'maofesi a ku Lilongwe mulibe, kuti munthu wotere akuwonongeka kumudzi. Adasaina ngati mboni. Pochoka, munthuyo adavula jekete la pathupi pake nawaveka pamaso pa onse. Adapita nalo kutchalitchi masabata atatu otsatizana, akuyenda pang'onopang'ono kuti anthu alione.

"Makalata khumi ndi anayi aja si kulimba mtima, mayi. Adali manyazi. Ndimafuna kufufuta kalata imodzi ndi makalata khumi ndi anayi. Amene adalimba mtima ndi amayi adakokedwa miyendo aja. Kasupe uyu adagulitsidwa ndi munthu woyamikiridwa zilembo, ndiye ine ndakhala panoyu."

Adati akuluakulu a m'mudzi akudziwa, koma adasankha kuiwala, ndipo nyimbo ya Gibson idakwirira zotsala. Adamuuza kuti alembe zonsezo, ndi dzina lawo lenileni, jekete alijambule ngati akufuna. Nkhani ya munthu amene adagulitsa kasupe n'kudzamenyeranso kasupe yemweyo sadailembepo wina aliyense. Koma za dzulo azifufute pomwepo iwo akuona.

Anjelina adayang'ana jeketelo nthawi yaitali. Adafunsa ngati sangasunge mawu a Gibson pa yekha, osapatsa munthu. A Dominiko adangokhala, manja ali pamaondo, mpaka mwanayo adatsegula foni, nawaonetsa pamene padalembedwa tsiku la dzulo, nadina, nadinanso pa za kudimba zija. Iwo adati mafoni amakhala ndi dzala lake kumene zotayidwa zimakadikira, adamva kwa mdzukulu wawo. Anjelina adafufutanso kumeneko. Padatsala tsamba la m'kope lolembedwa mayina aja. Adaling'amba yekha, ndipo asanadziwe kolipereka, a Magadalena adatulukira kuseri kwa nyumba, nalilandira ndi manja awiri ngati mphatso. Sadaliwerenge, ngakhale kuwerenga amatha. Adakalisonkhezera pansi pa mphika wa nyemba, nabwerera kudzafunsa ngati mlendo amadya nyemba zothira tomato.

Amayi a kudimba aja atafunsidwa ndi anzawo chimene chidachitika, adati sadamve kanthu, ndowa idasokosa. Komabe sabata isanathe Gibson adapezeka kuti ali ndi ulendo wadzidzidzi wa ku Lilongwe kwa achibale. Adabwerako patatha mwezi, ali wofatsa, ndipo khola lake la mbuzi lidali litapepuka. Palibe adafunsa kuti mbuzizo zidalowera kuti. A Dominiko sadaneneze munthu kulikonse, ndipo akakumana naye panjira amayankha moni wake monga kale, kenako n'kumeza malovu.

Bukulo lidafika chaka chotsatira, kumayambiriro kwa Juni, kudzera kwa ahedi a pasukulu ya pulayimale. Lidali lachikuto chakuda, zilembo zagolide, lonse m'Chingerezi. A Dominiko adavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi nakhala nalo pakhonde masiku awiri. Choyamba adafufuza dzina limodzi, chala chikuyenda mzere ndi mzere, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, kenako kubwerezanso. Mudalibe. Mudangolembedwa kuti zilombo zitatu zosadziwika zidatuluka kumanda. Za wapampando wa mphakati mudalibe, ngakhale za zaka zake.

Atatsimikiza zimenezo ndi pamene adawerenga zonena za iwo. Chithunzi chawo chidadzaza tsamba lonse, ataima ndi khasu, maso ali kuphiri ngati munthu woona masomphenya, pamene iwo akukumbuka kuti ankayang'ana mbuzi zolowa m'dimba. Mutu wachinayi wonse udali wawo. Adatchedwa mzati, adatchedwa ngwazi, adatchedwa mawu a anthu opanda mawu. Nyimbo ya Gibson idalimo yonse, yomasuliridwa. Za jekete mudalibe. Za pangano mudali chiganizo chimodzi, choti poyamba adathandizapo pa zokambirana za malonda a mitengoyo.

M'kati mwa chikuto mudali kakalata ka pamanja. Anjelina adati adakhoza bwino, ndipo akuthokoza. Adati za jekete adalemba zonse monga adalonjezera, koma aphunzitsi adati zikufooketsa nkhani, anthu owerenga amafuna munthu woti amutsanzire. Adati iyenso pamapeto pake sadafune kuwachititsa manyazi bambo wabwino ngati iwo.

A Dominiko adawerenga kakalatako kawiri. Adaona kuti choonadi chimodzi chokha chimene adali nacho, chimene adachisunga zaka zisanu ndi zitatu n'kuchipereka chonse, achisefa ngati gaga, n'kuwabwezera nyimbo yomweyo atayikuta m'chikuto chakuda. Adadzukapo nakatsuka m'kamwa ndi madzi a mumtsuko.

Madzulo ake Gibson adafika kudzapempha kuti bukulo lizikhala kwa mlembi wa komiti, alendo aziliona. Adali atamva kuti dzina lake lilimo penapake kumapeto. A Dominiko adati buku lili ndi ntchito kale. Gibson atachoka, adalowa nalo kuchipinda cha mbewu, nalikulunga m'jekete lija, naphimbira kachewere pa thandala. Chisanu chidali chitayamba, ndipo chikuto cholimba chimatsekereza bwino mphepo ya pazenera.

Lamulungu adafika kutchalitchi mochedwerapo, nyimbo yolowera itayamba. A Timoteyo adali kale pa benchi yawo, buku la nyimbo lili pamwendo, nsapato zawo zakuda zomangidwa mpaka pamwamba monga mwa masiku onse. Adasendera kuwapatsa malo. Nthawi ya Ukaristiya itakwana, anthu akupita kukalandira, a Timoteyo adaimirira nalowa pamzere, manja atapinda pachifuwa, a Dominiko ali pambuyo pawo.

Panja, akudikira akazi awo, a Timoteyo adati chisanu cha chaka chino chikuoneka choipa, mwina chiwaula anyezi a kumunsi.

"Chiwauladi, alamu," adatero a Dominiko. "Mbewu ndaphimba kale."